Malita, makilo ndi dzuwa la ku Tete: momwe ntchito yoyeza mafuta a ndege ikuyendera

Sabata yoyamba ya Okutobala

Ntchito tayamba. Tilipo anayi: ine wosunga kaundula, a Sajeni omwe anayamba kukonza injini za ndege ine ndisanamere ndevu, chemwali wina wa ku Furancungo wodziwa kompyuta, ndi mnyamata wothira mafuta. Chomwe atituma n'chosavuta kuchinena. Mvula isanagwe, tipeze njira yodziwira kuti ndege ndi mahelikoputa a asilikali akamanyamula katundu m'chigawo chino akudya mafuta ochuluka bwanji, ndipo mafutawo akugwira ntchito yooneka kapena akungopsa. Manambala enieni a maulendo ndi a eni ake, sindiwalemba. Ndizilemba njira yomwe tikutsata ndi masamu oti aliyense angathe kuwabwereza papepala.

Chifukwa chake tonse tikuchidziwa. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anadula mlatho wa pa Revúbuè pakati pa Tete ndi Moatize. Mu Malichi 2023 Freddy anamiza midzi ya ku Mutarara. Madzi akatseka misewu, ufa ndi mankhwala zimadikira ndege, ndipo ndegeyo imadikira mafuta ochokera kudoko la Beira, ulendo wa makilomita pafupifupi 600 pamsewu. Lita iliyonse yotayika mu Okutobala tidzaifuna ndi misozi mu Febuluwale.

Ine ndimayesa ndi ntchito ya masiku asanu. Kufunsa malita, kufunsa maola, kugawa, basi. Nditawauza a Sajeni anangoti, "Chabwino bambo, Lachisanu mudzandionetse," n'kubwerera ku masipanala awo.

Sabata yachiwiri ya Okutobala

Lachisanu lija lapita, ndipo chomwe ndinali nacho ndi mlandu.

Galimoto yothira mafuta imawerenga malita. Woyendetsa ndege yonyamula katundu ya mtundu wa Antonov An-26 amawerenga makilogalamu, chifukwa chomwe phiko limasenza ndi kulemera, komanso mphamvu ya mafuta imatsata kulemera kwake. Kuti mabuku awiriwa agwirizane ndimachulukitsa malita ndi 0.80, nambala yomwe aliyense amaitchula akafunsidwa kuti lita imodzi ya mafuta a ndege otchedwa Jet A-1 imalemera bwanji. Malita 3,000 azikhala makilo 2,400. Koma ulendo ndi ulendo buku la woyendetsa limaonetsa ochepera. Kusiyana kwake sikunali kwakukulu, koma kumagwera mbali imodzimodzi tsiku lililonse, ndipo kusowa kogwera mbali imodzi kumanunkha dzanja la munthu. Ndinalemba ndi cholembera chofiira m'mphepete mwa tsamba kuti "akusowa". Kaundula ndinamusiya patebulo ali chitsegulire. Pofika madzulo mnyamata wothira mafuta uja anali atasiya kudya nafe, amakakhala yekha kuseri kwa galimoto yake.

Amene anamasula mfundoyi ndi chemwali wa kompyuta. Anasanja maulendo onse mu Excel motsata nthawi yothirira, ndipo zinaonekera poyera: mafuta othiridwa m'mamawa amasowa pang'ono, othiridwa masana amasowa kwambiri. "Achimwene," anatero, "mbava yake ndi yotani yoba dzuwa lili paliwombo n'kumagona usiku?"

A Sajeni sanayankhe. Anatulutsa m'bokosi lathabwa kachipangizo kagalasi kooneka ngati cholembera chachitali chokhala ndi mimba kumunsi, komwe kuno timakatchula kuti densimetro. Anatunga mafuta pagalimoto ija, yomwe inali itakhala padzuwa kuyambira m'mawa, n'kuwathira m'botolo lalitali lagalasi. Anaviika choyezera kutentha: madigiri 38. Kenako anaponyamo densimetro mosamala ngati akuika dzira m'madzi. Kanamira, kanadzuka, kanazungulira pang'ono, n'kuima mzere wa 0.80 uli m'kati mwa mafuta. Kanali pa 0.778. "Werengani nokha, bambo a kaundula."

Ndinawerenga. Malita 3,000 kuchulukitsa ndi 0.778 ndi makilo 2,334. Makilo 66 omwe ndimafuna kupachika nawo mwana wa eni sanalowepo m'thanki n'komwe. Mafuta akatentha amafufuma, lita imakhala yodzaza koma yopepuka. Pa digiri iliyonse lita imataya pafupifupi magalamu 0.7, ndiye mafuta olemera 0.795 pa madigiri 15 akafika pa 38 atsika kufika pomwe kachipangizo kaja kanaima. Ndiponso malamulo a Jet A-1 amalola kulemera kulikonse kuyambira 0.775 mpaka 0.840 pa madigiri 15, malinga ndi komwe mafutawo anayengedwa. Ija 0.80 ndi nambala yapakamwa chabe.

Ndinapita kuseri kwa galimoto. "Mphwanga, ndinakulakwira." Anayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako anati, "Palibe kanthu achimwene, koma mbuzi yootcha ya Loweruka mugula ndinu." Ndinagula.

Kuyambira lero fomu yathu ili ndi mizere iwiri yatsopano: kutentha kwa mafuta ndi kulemera kwake, zoyezedwa nthawi yomweyo yothira. Ndaonjezanso bokosi loti wolemba azunguze ngati nambala yake ndi ya malita, makilo kapena mapaundi. Enafe tinaona ngati n'zachibwana mpaka a Sajeni atatikumbutsa za ndege ya Air Canada, Boeing 767, yomwe pa 23 Julaye 1983 inathera mafuta m'mwamba n'kukatera injini zonse zitazima pabwalo lakale la asilikali ku Gimli. Owerengera anagwiritsa 1.77, yomwe ndi mapaundi pa lita, n'kumayesa ndi makilo, motero ndege inanyamuka ndi mafuta osafika theka la ofunika. Palibe anafa, koma mwayi wotero sagawa kawiri. Kuno nkhaniyi ikutikhudza chifukwa pakagwa tsoka kumabwera ndege za maiko ena. Nthawi ya namondwe Idai mu 2019 ku Beira kunatera ndege zonyamula katundu za C-130, ndipo ndege zimenezi, zopangidwa ku America, zimawerenga mapaundi. Kilo imodzi ndi mapaundi 2.2.

Sabata yachitatu ya Okutobala

Mafuta tsopano tikuwayeza bwino. Vuto latsala pa chogawira.

Malita pa ola sanena kanthu. Ndege youluka ola lathunthu ili yopanda kanthu ndi ina youluka ola lomwelo itadzaza matumba zimaoneka ngati mapasa m'buku lotero. Tagwirizana kutsata muyeso womwe onyamula katundu amagwiritsa ntchito kulikonse: matani kuchulukitsa ndi makilomita. Matani 4 kuchoka ku Beira kufika kuno, mtunda wa makilomita opitirira 400 m'mwamba, ndi ntchito yoposa 1,600. Makilo a mafuta omwe apsa tiziwagawa ndi nambala imeneyo. Yankho likachepa, ulendo wayenda bwino.

Pa mtunda tinakanganapo pang'ono. Oyendetsa amalemba ma nautical mile, ndipo imodzi ndi makilomita 1.852, izo n'zosavuta. Koma tiwerenge mtunda womwe ndege yaulukadi, kapena mzere woongoka pamapu? Tasankha mzere woongoka. Ndege ikazungulira kuthawa mtambo kapena kudikira kuti itere, thumba la ufa silinayandikire kwa mwini wake ngakhale phazi limodzi, ndiye kuzungulirako kuzioneka ngati mafuta owonjezera.

Katundu ndiye watidyera masiku. Pepala limati matumba 60 a makilo 50, koma ndani anawayeza? Ndabwereka sikelo yolendewera, yofanana ndi ija ogula mbatata ya kachewere amapachika pamtengo kumsika wa ku Ulongwe, ndipo tikumayeza thumba limodzi pa khumi alionse. Ena amaperewera, ena atenga chinyezi amapitirira. Chomwe sindimayembekezera n'chakuti ndege imadzaza m'njira ziwiri. Mpunga ndi ufa zimafikitsa kulemera kololedwa m'kati mukadali malo ovinamo. Mabulangete, zidebe ndi matenti zimadzaza mpaka kudenga ndege ikadali yopepuka. An-26 imatha kunyamula makilo 5,500, koma ya mabulangete okhaokha siyandikira n'komwe, pomwe mafuta onyamulira thupi lake lomwe ikudya ndithu. Tapempha osanja katundu kuti azisakaniza, matumba pansi, zopepuka pamwamba. Izi amayi aliyense wopita kumsika ndi dengu amazidziwa, ife tazipeza ndi Excel.

Sabata yachinayi ya Okutobala

Lachiwiri tinaonetsa zoyamba kwa a Kaputeni wina woyendetsa helikoputa, ndipo zinavuta.

Pa muyeso wathu helikoputa ndi chilombo. Ya mtundu wa Mi-17 imanyamula mpaka matani 4, imathamanga makilomita pafupifupi 230 pa ola, ndipo pa ola lomwelo imameza migolo itatu kapena inayi ya malita 200. Lole yonyamula matani 30 imadya malita 40 kapena pamenepo pa makilomita 100. Mukagawa mupeza kuti tani imodzi pa kilomita imodzi imadya mafuta ochuluka pafupifupi ka 50 kapena kupitirira apo ikakwera helikoputa. Ndinali nditalemba izi mumzere umodzi, lole pamwamba, Antonov pakati, helikoputa pansi penipeni ngati mwana wolephera mayeso.

A Kaputeni anayang'ana pepalalo, n'kulibweza. "Bambo, lole yanuyi ndi yabwino. Madzi a Shire ndi Zambezi akakumana ku Inhangoma, mudzaiyendetse nokha mukawapatse anthu ali pachulu."

Sindinawayankhe chifukwa amanena zoona, koma nanenso sindinali wolakwa kotheratu. Nambala ija ikunena kuti helikoputa isamagwire ntchito yomwe lole ingagwire. Kutenga ufa pabwalo la ndege la Chingodzi kuno ku Tete kuulutsa mpaka ku Mutarara, makilomita opitirira 200, msewu kapena njanji ya Sena zili zotseguka, n'kuotcha ndalama. Katundu ayende pansi mpaka pomwe pansi pathera, helikoputa idumphe kagawo kotsalako. Koma kuika mitundu itatuyi pamzere umodzi kunali kupusa kwanga, ndipo pepala lotero likafika kwa munthu wa muofesi amene sanaonepo madzi osefukira angadule maulendo olakwika. Tsopano mtundu uliwonse uli ndi tsamba lakelake. Helikoputa ipikisane ndi helikoputa inzake panjira yomweyo. Taonjezanso funso limodzi pafomu: kodi kumeneko kunali msewu wodutsika tsiku limenelo?

Maulendo opulumutsa anthu tawachotsamo kotheratu. Helikoputa yoima m'malere kukweza agogo ali padenga imadya mafuta ambiri, makilomita ziro. Palibe wa ife amene akufuna kuika dzina lake pansi pa masamu amenewo.

Sabata yoyamba ya Novembala

Kutentha. Ine wa ku Domwe, komwe mu Juni timagona ndi mabulangete awiri, mzinda uno sindidzauzolowera. Madigiri 40 ndi kupitirira, phula lapabwalo likuchita kunyezimira ngati madzi, chitsulo cha sikelo osachigwira ndi dzanja.

Ndege nayo imamva. Mpweya wotentha ndi wopyapyala, phiko siligwira bwino, injini ipuma mosakhuta. Oyendetsa ali ndi kawerengedwe kake. Mpweya woyezera ndi wa madigiri 15 pagombe la nyanja, ndipo umazizira madigiri 6.5 pa mamita 1,000 alionse okwera. Bwalo la Chingodzi lili pa mamita pafupifupi 160, ndiye liyenera kukhala pa madigiri 14. Digiri iliyonse yopitirira pamenepo ili ngati kukweza bwalolo ndi mamita 36 kapena 37. Masana a madigiri 42, ndege ili pa Chingodzi imamva ngati ikunyamukira pa mamita 1,200, kutalika kwa kwathu ku Angónia. Ndipo ikafika ku Ulongwe kwenikweniko masana otentha, imamva ngati ili pamwamba pa mamita 2,000. Zotsatira zake n'zakuti matumba ena amatsitsidwa, ndipo katundu wa maulendo atatu amafuna anayi. An-26 anaipangira kainjini kachitatu ka jeti, RU-19, kobisika kuseri kwa injini yakumanja, kothandiza ponyamuka pamalo otentha. Kamalira ngati mfiti ndipo nako kamamwa.

Ndiye yankho likuoneka lapafupi: kunyamuka mbandakucha, mafuta ali olemera, mpweya uli wokhuthala. Aliyense amavomera. Chovuta n'chakuti ulendo wa 6 koloko umanyamuka 9 koloko.

Masiku atatu ndakhala pamthunzi wa kontena ndi wotchi yapafoni, kulemba nthawi yomwe injini yalizidwa ndi nthawi yomwe matayala achoka pansi. Mphindi zapakatipo ndi mafuta opsa ndege isanasunthe thumba ngakhale limodzi. Zifukwa zake ndi zazing'onozing'ono: lole ya katundu yachedwa pamlatho wa Samora Machel, wina waiwala chikalata, mlendo wolemekezeka akumaliza tiyi. Tsiku lachitatu helikoputa inakhala ikupukusa mapiko mphindi zingapo, fumbi lili kobo, makaniko akukodola ndi dzanja chakuno. Ndinatembenuka kuti ndione yemwe akuchedwetsa anthu. Kumbuyo kwanga kunalibe munthu. Amadikira ine, kuti ndisayine fomu yanga yoyezera kusawononga mafuta.

A Sajeni aseka mpaka kukhala pansi. Fomuyo tsopano imasayinidwa injini isanalizidwe, ndipo zotsala zimalembedwa ndege ikabwera.

Sabata yachiwiri ya Novembala

Zochepa sabata ino. Chemwali wa kompyuta anadwala malungo, wachira. Tsamba la Antonov latha, la helikoputa latsala pang'ono.

Taona kuti ulendo wobwerera wopanda kanthu umadula pakati ubwino wonse wa ulendo wopita. Tapempha kuti pobwera azitenga migolo yotha, odwala otumizidwa kuchipatala chachikulu, ndi ogwira ntchito omwe akanadikira ndege ina. Kuti zitheke pafunika munthu kutsidyako wodziwa nthawi yomwe ndege ifike, ndipo netiweki ya foni kumadera ena imagwira pokhapokha utakwera pachulu.

Sabata yachitatu ya Novembala

Nkhani ya mafuta onyamula mafuta anzake. Ku Zumbo, komwe Luangwa amathira mu Zambezi, ndi makilomita pafupifupi 340 kuchoka pano m'mwamba. Helikoputa yopita kumeneko ikapanda kukapeza mafuta kutsogolo iyenera kusenza obwerera nawo, ndipo kilo iliyonse ya mafuta ndi kilo ya ufa yotsala pansi. Ndiponso kulemerako kumadyetsa mafuta ena. Pa ndege zikuluzikulu amawerengera kuti mafuta owonjezera amadya magawo atatu kapena anayi pa 100 a iwo eni pa ola lililonse.

Apa ndinayenera kusamala pakamwa. Woyendetsa aliyense amakonda kuthira owonjezera pang'ono, a Sajeni amati ndi "a ana kunyumba". Mafuta osungira ngozi sitikuwakhudza ndipo sitidzawakhudza. Ngakhale ndege za anthu wamba za injini zodya Jet A-1 lamulo limati zitere zikadali ndi a mphindi 30, ndipo nyengo ya mvula mtambo wa ku Marávia umatseka njira mosachenjeza. Chomwe tikulemba ndi mafuta otsala potera, ulendo ndi ulendo, popanda dzina la woyendetsa. Akadzaona okha kuti panjira yakutiyakuti amatera nthawi zonse ndi ochuluka kuposa ofunika, adzachepetsa okha. Ndikawauza ine wa kaundula, adzathira ochulukirapo.

Njira yeniyeni ndi kutsogoza migolo pamsewu kukadali kouma, ikadikire ku Fingoé, ku Ulongwe ndi ku Mutarara. Koma mgolo uli ndi miyambo yake. Suimikidwa chilili panja, chifukwa madzi amadikha pachivundikiro, ndipo usiku mgolo ukazizira umawayamwa kudzera m'zitsekero. Umagonekedwa chammbali pamitengo, zitsekero ziwiri zili mopingasa ngati 3 koloko ndi 9 koloko pawotchi, kuti zonse zikhale zomira m'mafuta. Usanathiridwe m'ndege umaimikidwa kuti udikhe, kenako amatunga apansi m'botolo loyera n'kuwayang'ana padzuwa. Madzi ndi olemera kuposa mafuta, amakhala pansi ngati timikanda. Mgolo wokanidwa ndi makilo 160 omwe tawanyamula ulendo wonsewo pachabe, ndiye nawonso tawapatsa mzere wawo m'kaundula.

Lachinayi, sabata yomweyo, ku Ulongwe

Tafika dzulo madzulo ndi lole ya migolo. Mvula yoyamba yatipeza panjira, fungo la dothi lonyowa likulowa pawindo, anthu ali kalikiliki m'minda ndi mbewu. Ndagona ndi bulangete koyamba m'miyezi iwiri.

M'mawa uno tapeza kuti migolo isanu ndi umodzi yomwe inatsogola sabata yatha inatsitsidwa n'kuimikidwa chilili pansi pa mtengo wa mango, pachivundikiro chilichonse pali kadziwe ndi masamba. Amene anatsitsa anachita mwaulemu, anaisanja bwino pamzere, palibe anawauza. Mphwanga wothira mafuta wapukuta pamwamba, watsegula umodziumodzi, watunga apansi. Isanu ili bwino. Wachisanu ndi chimodzi waonetsa timikanda tiwiri pansi pa botolo. Taulemba ndi choko, tauika padera, a Sajeni adzaweruza akabwera Lolemba.

Densimetro kuno yaima pa 0.792, mafuta omwewo a pa Chingodzi. Ndajambula nambalayo pafoni n'kutumizira chemwali kuti aone. Wayankha kuti tsamba la helikoputa likusowabe kulemera kwa katundu wa maulendo awiri, ndipo sikelo ya eni ake akuifuna kumsika Loweruka.

Madala olondera pano tawaonetsa kagonekedwe ka migolo, ndipo ajambula wotchi pakhoma ndi khala kuti asaiwale. Mawa 4 koloko tinyamuka kubwerera ku Tete kukatenga ya ku Fingoé. Mitengo yogonekera sitinaipezebe.